Mfuti ya Bambo pa Njinga ya Zagorka

Graz, Austria
2 Meyi 1985

Okondedwa achimwene Vukota,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Mileva ndi mwana wanu Savo. Nkhosa zaswa zingati chaka chino? Mwezi wachitatu uno osalandira kalata yanu. Kodi dzanja linathyoka, kapena mapepala anatha ku Piva konse?

Khalani pansi musanawerenge zotsatirazi. Ntchito ndasiya. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikuchapa nsalu za odwala m'chipatala muno zakwana, ndipo chimwalirire mwamuna wanga Krsto nyumba ino yandikulira. Ndikubwera kumudzi kudzakhaliratu. Katundu ndatumiza kale pa sitima. Ine ndikubwera pa njinga.

Inde, mwawerenga bwino. Pa njinga, ndekha, njinga yomwe Krsto ankapitira kuntchito ija. Musandifunse chifukwa chake, nanenso sindikuchidziwa bwinobwino. Pochoka kumudzi ndinakwera basi n'kugona tulo, podzuka ndinali kale m'dziko la eni. Ulendo uno ndikufuna ndiuone ndi maso anga mtunda wonsewo.

Ndinyamuka pa 26 Meyi. Ndili ndi tenti, kapoto ndi mapu. Mukafuna kundilembera, tumizani kalata ku positi ofesi yaikulu ya Zagreb, kenako ya Jajce, kenako ya Foča, mulembe kuti isungidwe mpaka mwiniwake adzaitenge. Ndidutsa m'menemo.

Chimodzi ndineneretu, poti ndimakudziwani. Musatume munthu wondiperekeza. Ndikangoona msuweni aliyense akundidikira panjira ndi nkhope yachifundo, nditembenuza njinga ndipo muzidzandionera pa chithunzi. Ndili ndi zaka 47, ndaika mwamuna m'manda, sindikufuna mbusa.

Mlongo wanu,
Zagorka

Kumudzi, Piva
14 Meyi 1985

Mlongo wanga Zagorka,

Tonse kuno tili bwino. Nkhosa zaswa makumi atatu ndi zinayi, ziwiri mimbulu inagwira. Nanga iwe, mutu uli bwino? Ndafunsa dala, chifukwa kalata yako ndaiwerenga katatu osaimvetsa. Mayi wamkulu ngati iwe kupalasa njinga dziko lonse ngati wa positi? Basi ilipo, imafika pano Lachisanu lililonse. Anthu akandifunsa ndiziti chiyani?

Koma ukaumitsa khosi ndiwe bambo enieni, choncho sindikuletsa. Unati ndisatume munthu. Chabwino. Ndakutumizira mfuti ya bambo, yaing'ono ija. Ndaikulunga m'sokosi laubweya, ndaiika pansi pa tchizi m'chitini, ndapatsa dalaivala wa basi ya ku Zagreb. Ukafika ukafunse chitini cha Vukota pamalo osungira katundu. Zipolopolo zisanu ndi chimodzi zili m'sokosi linalo. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ukaona munthu wokukayikitsa, womba m'mwamba katatu, athawa yekha. Mfuti imeneyo ili ndi mawu. Tsiku lobadwa Savo bambo anaiwomba pakhonde, chigwa chonse chinayankha, mpaka a kutsidya kwa mtsinje anatulutsa zawo.

Ilibe chiphaso, ndiye wapolisi asaione. Ndiponso Mileva asadziwe, iye akuganiza kuti ikadali m'bokosi. Ukudziwa wekha kuti chimene Mileva wamva m'mawa, masana chili pachitsime.

Undilembere ukangoilandira.

Mlongo wako,
Vukota

Pafupi ndi Sisak
3 Juni 1985

Achimwene,

Moni nonse kumeneko. Udzu wa ziweto mwayamba kumweta? Ine ndili bwino, kupatula matako ndi mawondo, zimene sizikundipatsanso moni.

Chitini chanu ndalandira. Tchizi ndadya, zikomo. Chinacho sindikudziwa kuti ndithokoze kapena ndikutukwaneni.

Choyamba, ndiike pati? Ndinaiika m'kachikwama ka kutsogolo, pafupi ndi dzanja. Ndisanayende n'komwe patali, wapolisi wina anandiimitsa. "Mayi, mwachokera nayo kuti njingayi?" Ndinati ku Austria. "Nokha? Abale inu! Mkazi wanga ngakhale kugolosale amafuna ndimunyamule." Ankalankhula dzanja lake lili pa kachikwama komweko, akukasisita ngati mutu wa galu. Atandilola kupita ndinakakhala pansi pa mtengo.

Ndiye ndinaisunthira pansi penipeni pa chikwama cha kumbuyo, pansi pa tenti ndi kapoto. Tsopano wakuba akabwera ndiyenera kumuuza kuti bambo, tadikirani pang'ono ndimasule katundu. Ndinayesanso kuimangira m'chiuno, koma inandinyula ndisanamalize phiri limodzi.

Chachiwiri, kachitsulo kakang'ono ka pambali pa mfuti kaja kazikhala m'mwamba kapena pansi? Bambo sanandigwiritseko mfutiyi ngakhale tsiku limodzi, ankati ndi za amuna. Inunso simunalembe. Zipolopolo ndazisiya m'sokosi momwemo.

Chimene chikundisokoneza kwambiri ndi ichi. Kuchokera ku Graz mpaka Zagreb ndinalibe mantha. Ndinkapempha malo m'minda ya anthu, ankandipatsa mazira ndi mkaka, ndinkagona ngati mwana. Chilandirire chitini chanu aliyense ndikumuyang'ana m'manja. Dzulo agogo ena anandithamangira atanyamula chinthu m'nsalu, ine n'kupalasa mwamphamvu kuthawa. Nditacheuka ndinaona kuti ndi buledi. Ndinachita manyazi tsiku lonse.

Kuitumiza pa positi sindingathe. Kuitaya sindingathe, ndi ya bambo. Ndiye ndikuinyamula, ndipo pokwera mtunda ndimaimva kulemera kwake kuposa katundu yense. Yankho lanu la kachitsulo kaja ndikalipeze ku Jajce.

Zagorka

Kumudzi, Piva
6 Juni 1985

Alamu anga a Zagorka,

Ndine Mileva. Muli bwanji panjirapo? Mukudya mokwanira? Kuno tili bwino, chipinda chanu ndapaka laimu, ndipo azimayi a kutchalitchi akubetcherana kuti mufika pa njinga kapena pa machira.

Kalatayi ndikulemba achimwene anu osadziwa, mukawerenga muiwotche. Andilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, koma ine chinsinsi chimandiwotcha pakhosi, ndipo ndikuona kuti ndi bwino mudziwe.

Atuma munthu. Musakwiye, alamu, musatembenuze njinga. Ndi Obren, kum wathu, amene anatiimira mboni pa ukwati n'kunyamulanso Savo pa ubatizo. Munamuona kamodzi kokha kalekale ali ndi tsitsi, pano ndi wadazi ndiponso wanenepa. Ali ndi kagalimoto kobiriwira kamene amagulitsira uchi ndi tchizi m'misika. Achimwene anu anapita kwawo ku Nikšić n'kumupempha kuti akakudikireni ku Banja Luka, azikutsatani chapatali mpaka mutafika, inu osamuona.

Mkazi wake anadandaula kuti ino ndiyo nyengo ya malonda. Obren anangoti, "Kum mnzako akapempha, sufunsa kuti mpaka liti." Ndi mmene alili munthuyo, ngakhale mutamupempha chiwindi akhoza kufunsa kuti mbali iti.

Ndiye mukaona kagalimoto kobiriwira kumbuyo kwanu, musaope, ndi wathu. Mungochita ngati simukukaona, kuti achimwene anu asachite manyazi. Nawonso sakugona, amangoyendayenda pabwalo akulankhula ndi galu. Amakukondani, kungoti pakamwa pawo sipadziwa kunena.

Ndatumiza ku Jajce monga munanenera. Mundiyankhe kuti mwaiona.

Mlamu wanu,
Mileva

M'mapiri, kum'mawa kwa Banja Luka
12 Juni 1985

Achimwene,

Moni. Muli bwanji nonse? Ine sindili bwino.

Pali munthu akunditsata. Lero ndi tsiku lachinayi. Ali pa kagalimoto kobiriwira, mwamuna wadazi wojintcha. Ndinayamba kumuona potuluka mu Banja Luka. Ndikaima, naye amaima chapatali n'kutsegula kutsogolo kwa galimoto ngati yawonongeka. Ndikanyamuka, galimoto yachira. Dzana ndinalowa m'sitolo kukagula shuga, potuluka ndinamupeza atagwada pa njinga yanga akufinya matayala. Atandiona anaphimba nkhope ndi chipewa n'kuthawa. Munthu wabwino amabisa nkhope?

Ndinafunsa mayi wa m'sitoloyo ngati amamudziwa. Anati, "Ayi, si wa kuno. Koma wafunsa kuti mayi wa njingayo wagula chiyani, ndiponso ngati akuoneka wotopa." Akufuna adziwe ngati ndatopa, achimwene! Akudikira kuti nditope.

Kupolisi sindingapite, mukudziwa chimene chili m'chikwama changa. Choncho ndasiya msewu waukulu. Ku Jajce sindidutsako, ngati munatumizako kalata idzabwerera yokha. Ndalowa misewu yafumbi ya odula mitengo. Ndinaganiza kuti ndamutaya, koma m'mawa uno ndaona kagalimoto kaja kumunsi kwa chigwa kakukwera pang'onopang'ono.

Mwina munanena zoona. Mwina ndinali chitsiru kuganiza kuti mkazi angayende yekha. Kapena mwina mfutiyi ndiyo ikundionetsa zinthu, sindikudziwanso. Zipolopolo ndazichotsa m'sokosi. Za kachitsulo kaja ndazitulukira ndekha, ndinayesa popanda zipolopolo mpaka kanalira. Tsopano mfuti ili m'thumba la jekete langa.

Mundilembere ku Foča.

Zagorka

Kumudzi, Piva
18 Juni 1985

Alamu!

Moni ndilibe naye nthawi. Muli kuti? Kalata yanu yafika achimwene anu ali kuphiri ndi nkhosa, ndiye ndaitsegula ine. Mfuti yanji? Ndathamangira kubokosi, ndapezamo nsanza yokha. Kalata yanga ya ku Jajce simunaione, Mulungu wanga!

WA KAGALIMOTO KOBIRIWIRAYO NDI OBREN, KUM WATHU. Achimwene anu ndi amene anamutuma. Musamuchite kanthu. Chotsani zipolopolozo.

Ndakwera phiri lonse ndi miyendo yangayi kukawapeza. Ndinati, "Vukota, mlongo wanu mwamupatsa mfuti?" Anati, "Wakuuza ndani?" Ndinati, "Nanga Obren munamuuza kuti munthu amene akumutsatayo ali ndi mfuti?" Anayang'ana nkhosa ngati ndizo zinalakwa. Kenako anati, "Ndikanamuuza bwenzi atauza mkazi wake, mkazi wake n'kukuuza iwe."

Ndinati, "Ndiye mwabisira ine za mfuti, mwabisira mlongo wanu za Obren, mwabisira Obren za mfuti. Amene akudziwa zonse ndi inu nokha, ndipo muli pano ndi nkhosa!" Iwo akuti palibe chovuta, anakuuzani kuti muziwomba m'mwamba basi.

Obren sitingamupeze. Mkazi wake walandira kapositikhadi kamodzi kokha, akuti, "Mayiyu ndi wamphamvu, koma akusankha misewu yoipa, matayala anga atha." Akutinso tsiku lina anakusiyirani botolo la uchi pamwala, inu n'kulikankha ndi phazi.

Savo wapita kutauni kukatumiza telegalamu ku Foča. Chonde, alamu, mukafika muyambire ku positi musanachite china chilichonse.

Mileva

Kuchipatala
26 Juni 1985

Achimwene ndi alamu,

Ndili moyo, sindinavulale. Ndikulemba nditakhala pabenchi kunja kwa chipinda cha odwala. Sindikudziwa poyambira.

Ku Foča ndinafika Lamlungu, positi itatseka. Ndinafuna kudikira mpaka Lolemba, koma ndinaona kagalimoto kaja kataima pafupi ndi msika, ndiye ndinapitirira.

Lolemba m'mawa ndinafika pa mlatho wa pa mtsinje wa Tara, pamene pamayambira dziko lakwathu. Panalibe munthu. Nditawoloka ndinamva injini kumbuyo. Njira ya kutsogolo ndi mtunda wokhawokha, ndinadziwa kuti sindingamuthawe, ndipo ndinali nditatopa nako kuthawa. Ndinatsika, ndinatulutsa mfuti, ndinachita monga munanenera. Katatu, m'mwamba.

Sanathawe, achimwene. Anaimitsa galimoto, anatuluka akuthamanga, akukuwa zinthu zimene sindinamve chifukwa makutu anali atagontha. M'dzanja lake munali mfuti. Ndinamva kuwomba kawiri. Ndinatseka maso, ndinaloza kumene kunali iye, n'kuwomba.

Nditatsegula maso anali pansi atagwira bondo. Ndinayandikira mfuti ili m'manja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali a Zagorka, mwatani kodi? Ndine Obren. Ndine kum wa achimwene anu."

Ndinati, "Nanga mumandiwomberanji?"

"Kukuwomberani? Ndimakuyankhani! Mwaponda kwanu patatha zaka zonsezi, mwawomba katatu m'mwamba, ndiye ine ndingokhala chete ngati mlendo? Ndinasangalala, achemwali. Ndinaiwala n'zobisala zomwe."

Ndinakulira m'chigwa chomwecho, ndinamva mfuti zikuyankhana pa ukwati uliwonse, koma ndinali nditaiwala. Ku Graz mfuti ikalira anthu amatseka mawindo.

Ndinamumanga mwendo ndi chubu cha njinga, ndinatsindira bala ndi malaya anga. Galimoto sindidziwa kuyendetsa. Tinakhala pamsewupo maola awiri, magazi akudutsabe, iye akundipepesa ine chifukwa chondiopseza. Kenako anati, "Ponyani mfuti yanuyo mumtsinje, msanga, asanabwere anthu." Ndinakana. Anati, "Ponyani! Mukufuna kum wanga Vukota amangidwe, inunso mumangidwe? Ndiye ndavutikiranji masiku onsewa?" Ndinaponya.

Lole ya mitengo ndiyo inatinyamula kubwerera ku Foča. Apolisi atabwera, Obren anawauza kuti anadziwombera yekha potsika galimoto, ndipo ine ndine mayi wachifundo wodutsa ndi njinga. Wapolisi anandigwira chanza kundithokoza. Ndinatuluka panja.

Dzulo ndapita ku positi. Andipatsa telegalamu ndi kalata yanu, alamu. Ndaziwerengera pakhomo pomwepo.

Madokotala akuti fupa laphwanyika kwambiri, aona mawa. Mkazi wa Obren wafika. Wandipsompsona manja.

Zagorka

Kumudzi, Piva
30 Juni 1985

Mlongo wanga,

Tili bwino. Kalata yako taiona. Mwendo wa kum uli bwanji?

Sindikumvetsa. Ndinati m'mwamba. Ndinalemba bwinobwino kuti m'mwamba. Ndipo iyenso ndinamuuza kuti asatuluke m'galimoto. Aliyense akanachita zimene ndinamuuza sibwenzi zili chonchi.

Pamene unaponya mfutiyo ndi pakuya bwanji? Madzi akaphwa mu Ogasiti mwina ingaoneke. Sindikufunsa chifukwa cha ine, ndi ya bambo.

Mileva sakundilankhula. Ndikanabwera, koma udzu uli pansi ndipo mvula ikuopseza. Ndiponso sindikudziwa kuti ndikafika ndidzati chiyani. Ubwera liti? Watsala ndi ulendo wa tsiku limodzi lokha.

Vukota

Kuchipatala
4 Julayi 1985

Achimwene,

Moni. Udzu wanu mwatuta?

Mwendo wa Obren adula Lachisanu, pamwamba pa bondo. Ndi wakumanja, wopondera mafuta. Sadzayendetsanso galimoto, ndipo mkazi wake wayamba kale kufunsa amene angagule kagalimoto kaja.

Za kuya kwa mtsinje sindiyankha.

Sindikubwera panopa. Ndapempha anamwino kuti ndizithandiza, ntchito ya nsalu za odwala ndimaidziwa. Ndimamusinthira zofunda, ndimamuchapira, ndimamutembenuza. Mkazi wake amauza aliyense m'chipindamo kuti ndine mngelo amene Mulungu anaika pa mlatho. Kawiri konse ndatsegula pakamwa kuti ndimuuze zoona, kawiri konse Obren wandiyang'ana n'kupukusa mutu. Sindikudziwa kuti ndipirira mpaka liti, ndipo sindikudziwa amene ndimukwiyire. Ndikayamba ndi inu ndimathera pa ine.

Mwati simukudziwa chodzanena. Nanenso sindinkadziwa, koma ndili pano tsiku lililonse.

Dzulo atatsitsimuka ku mankhwala anandifunsa ngati ndikukulemberani. Ndinati inde. Anati, "Muwauze a kum kuti asadandaule. Anandituma kuti mlongo wawo afike kwawo popanda womukhudza, ndipo wafika. Muwafunse ngati akhutira."

Anafunsa ndi mtima wonse, achimwene, sankanyoza. Akudikira yankho. Basi imachoka kumeneko Loweruka m'mawa. Bwerani mudzamuyankhe nokha, ine ndalephera.

Zagorka